Abusa Anga Pansi pa Mtengo wa Mango

Anagogoda Lachitatu m'mawa, nthawi itangokwana 10 koloko, ine ndili pa bolodi, choko chili m'manja. Chitseko cha tchalitchi chinali chotsegula kale, koma anagogodabe. Anali apolisi atatu, awiri a yunifolomu ndi mmodzi wa malaya oyera. Wa malaya oyerayo anafunsa kuti mlembi wa msonkhano ndani. Ndinati ndine. Anandiuza kuti nditenge chikwama changa tipite, kuli mafunso ochepa chabe, ndibwerako nkhomaliro isanapse.

Unali mwezi wa Ogasiti, chaka cha zisankho, mwera ukuwomba. Ine ndinali nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mipingo ing'onoing'ono ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makokola mpaka ku Chembe, inagwirizana zosonkhanitsa abusa ndi akulu ampingo kwa sabata imodzi kuti aphunzire. Ambiri anali asodzi ndi alimi, ena analekezera sukulu sitandade 5. Ankalalikira Lamlungu lililonse popanda wowaphunzitsa kapena wowafunsa kuti akupeza bwanji. Aphunzitsi anzanga awiri ochokera m'tauni anatenga Lolemba ndi Lachiwiri, n'kubwerera. Masiku otsalawo anali anga: kuwerenga ndime ya m'Baibulo mosathamanga, kuifunsa mafunso, ndi kukonza ulaliki.

Lolemba masana kunabwera bambo wina wodziwika m'deralo, amene ankafuna mpando pa zisankhozo. Anabwera ndi nsalu za chipani chake, napempha kuti alankhule kwa theka la ola, kenako abusa amusanjike manja wina akujambula. Abusa onse anayang'ana pansi. Ena mwa iwo matchalitchi awo anamangidwa pa malo a abale ake a bamboyo. Amene anayankha ndine.

"Bambo, benchi ilipo, khalani muphunzire nafe. Kukupemphererani tikupemphererani monga timapempherera aliyense. Koma pano tabwerera Baibulo."

Anaseka, nati zikomo, nsalu zake n'kubwerera nazo m'galimoto.

Ku polisi anakhutula chikwama changa patebulo. Munali ziphaso za unzika za ophunzira onse makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Ndinazitolera Lachiwiri kuti mayina awo ndiwalembe molondola pa masatifiketi. Wa malaya oyera uja anaziyala ngati usipa pathandala, nandiuza kuti alandira lipoti loti ndikugula ziphaso za anthu pofuna kubera zisankho, ndipo kuti msonkhano wathu ndi wa chipani china, Baibulo n'lophimbira chabe. Ndinafotokoza za masatifiketi. Analemba kwa nthawi yaitali, koma zimene analembazo sizinali zimene ndinanena. Pepalalo linkati abusawo ndi anthu otumidwa ndi chipani, ndipo ine ndavomereza.

"Sainani apa, mayi, mukagone kwanu lero. Mwakula inu, simungathe za kuno."

Ndinaliwerenga kawiri, n'kulibweza. Ndinamuuza kuti pa zaka makumi atatu za uphunzitsi sindinachongepo yankho labodza, ndipo sindiyamba lero. Magalasi anga anagwa pansi n'kusweka. Sanagwe okha. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuchokera tsiku limenelo.

M'chitokosi cha amayi tinalimo anthu asanu ndi anayi, ndowa imodzi pakona, ndi kazenera kamodzi pamwamba koti mutu sungalowe. Lamba wa diresi ndi nsapato anandilanda pakhomo. Simenti ya mwezi wa mwera imazizira mpaka m'mafupa. Zina za m'chipindacho sindizilemba, amene anakhalamo akuzidziwa. Munali mayi wina wachisilamu, wogulitsa nsomba, amene anamangidwa pa mkangano wa malo a pamsika. Atamva kuti ndinali mphunzitsi anayamba kunditchula kuti amwalimu. Anandipatsa malo ake apafupi ndi khoma, nandifunditsa nsalu yake imodzi mwa ziwiri zimene anali nazo. Nthawi yake ya swala, mapemphero achisilamu, ikakwana ndinkasendera kuti apeze pogwada, ine ndikamapemphera iye ankaletsa atsikana kulongolola.

Chimene chinkandidya si kuzizira. Ndinkaganiza za abusa aja. Ndinkadziwa kuti abalalika, aliyense athawira kwawo, ndipo mtsogolo muno akadzamva za maphunziro adzakana. Sindinkawaimba mlandu. Anali anthu a ana ambiri, opanda wowayankhulira.

Lachinayi cha m'ma 8 koloko m'mawa ndinamva nyimbo kunja. Mayi wa nsomba uja, amene anali wamtali, anaponda pa ndowa yovundikira n'kusuzumira pakazenera. Anati kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, kwakhala azibambo ndi amayi ambiri ndi mabuku m'manja, ndipo wina waimika bolodi pa njinga. Anawawerenga. Anakwana makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

Nyimbo itatha ndinamva mawu a munthu mmodzi akuwerenga. Ndinatembenuzira khutu lakumanja kuzenera ndipo ndinawazindikira. Anali abusa ena achikulire a ku Chembe, msodzi wa manja okhakhala, amene Lolemba anachita chibwibwi pa vesi limodzi mpaka anakhala pansi thukuta lili kamukamu. Tsopano ankawerenga pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi. Atamaliza anafunsa anzawo mafunso atatu amene ndinali nditalemba pa bolodi apolisi asanagogode: ndimeyi ikunena chiyani, inkauza ndani, nanga ife ikutiuza chiyani. Anthu anayamba kuyankha, ena kutsutsana. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo atsikana a m'chitokosi ankaganiza kuti ndikulira khutu.

Apolisi anapita kukawabalalitsa. Abusa achikulirewo anayankha mwaulemu kuti mtengowo ndi wa ashehe a mzikiti wapafupi, ndipo eniake awalola. Ashehe atafunsidwa anavomera, nawonjeza kuti madzi akumwa akuwapatsanso ndi iwo. Zitatero, masana a tsiku lomwelo, abusa anayamba kulowa mu ofesi mmodzimmodzi. Aliyense ankanena dzina lake ndi mpingo wake, n'kunenanso kuti chiphaso anachipereka yekha, sanalandire kanthu, ndipo ngati umenewo ndi mlandu amutsekere pamodzi ndi aphunzitsi ake. Apolisi analemba asanu oyamba, kenako anatseka chitseko.

Lachisanu anabweranso, Loweruka chimodzimodzi. Ankasinthana kuphunzitsa. Mayi wina, mkulu wampingo wa ku Makokola, anaphunzitsa za kuyendera odwala, ndipo mawu ake ankafika m'chitokosi mwathu bwinobwino. Lamlungu sanapite kumipingo yawo, anatumiza uthenga kuti akhristu apemphere okha, iwo anachitira mapemphero pomwepo.

Loweruka madzulo wa malaya oyera uja anandiitananso. Pepala lija linali patebulo, koma sanalikankhire kwa ine. Anaima pazenera kwa kanthawi, akuyang'ana kutsidya kwa msewu.

"Mayi, anthu anuwa mwawadyetsa chiyani?"

Ndinati sindinawadyetse kanthu, ndipo ngati akufuna kudziwa awoloke msewu akamvere. Sanandikhudze tsiku limenelo.

Ananditulutsa Lachiwiri cha m'ma 11 koloko, patatha masiku asanu ndi limodzi. Anati ndi belo, ndizibwera kudzaonekera Lachisanu lililonse. Ndinapita kanayi, ulendo wachisanu anandiuza kuti ndisadzavutikenso. Kukhoti sindinapondeko, ndipo palibe anandipepesa. Mayi wa nsomba uja anatuluka tsiku limodzi ine ndisanatuluke. Mpaka lero timayenderana.

Nditawoloka msewu, nsapato zili m'manja poti mapazi anali atatupa, abusa onse anaimirira. Panalibe kukuwa kapena kuvina. Anandipatsa mpando, wina anandibweretsera madzi. Nditapuma ndinafunsa kuti tinalekezera pati, kuti tipitirize. Anayang'anana. Abusa a ku Chembe aja anakanda kumutu, nati, "Aphunzitsi, pepani. Tamaliza dzulo. Koma tagwirizana kuti tizikumana mwezi uliwonse, uku ndi uku. Mwina inu muzibwera kudzationa ngati tikulakwitsa."

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva bwanji nditatuluka. Zoona zake n'zakuti kusamba ndi kugona pamphasa yanga zinandikoma, koma mtima wanga unamasuka kale Lachinayi lija, chitseko chili chokhoma. Amene ananditsekera ankayesa kuti akachotsa munthu mmodzi wolankhula, ena onse akhala chete, ndipo kunena zoona inenso ndinkayesa choncho. Tonse awiri tinawapeputsa anthu amenewa.

Papita zaka tsopano, ndipo akukumanabe. Ndimapita miyendo ikalola. Ndimakhala kumbuyo, ndipo nthawi zambiri palibe amandifunsa kanthu.