Dothi pa Kiyibodi

Ndili m'kalasi ya zamagetsi, koma mabenchi ali m'munda mwa amayi. Aphunzitsi akundiyikira makompyuta awiri. "Sankhani pulogalamu yoyesera seketi yanu ya babu ndi mawaya, yaulere kapena yogula. Babu likapanda kuyaka, mubwereza chaka."

Yogulayo ikufuna kiyi woitsegulira, koma kiyi wake ali m'kamwa mwa mbuzi imene ikutafuna ikundiyang'ana. Ndikusankha yaulere. Ndikulumikiza mawaya, koma pulogalamuyo ikukana, akuti palibe ethi, waya wopita m'nthaka uja.

Amayi akusiya khasu. "Ukuvutikiranji mwanawe? Nthaka si iyi?" Akutapa dothi lonyowa n'kuthira pa kiyibodi. Ndisanawaletse, babu likuyaka, koma m'chikhatho mwawo. Likuwawotcha, koma sakulitaya, akudikira kuti aphunzitsi achonge.

Ndadzuka ndikuuzira chikhatho changa.