Nkhukundembo ya Kuseri kwa Waya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Faisoni, analonjeza pamaso pa tchalitchi chonse kuti pa Khirisimasi adzabweretsa nkhukundembo yopha okha. Tinkakhala ku Walsall, tawuni ina ya kudziko la azungu. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, koma mtima wawo unali kutchire, pakuti kwawo ku Ntchisi anakulira kusaka nkhanga.

Mlimi wina kunja kwa tawuni ankawalola kuwombera nkhunda zimene zinkamuthera mbewu. Mfuti yawo inali yaing'ono, ya mpweya, chipolopolo chake ngati njere ya mapira. Azibambo a kutchalitchi ankawaseka nayo kuti ndi chidole. Ndiye mlimi uja atawauza kuti nkhukundembo yake imodzi inathawa m'khola n'kulowerera m'thengo, ndipo akaipha ndi yawo, amalume anaona kuti mpata wotseka anthu pakamwa wapezeka. Analankhula mokweza tsiku limenelo, ine ndili pambali pawo, mapewa m'mwamba.

Tinapita kumunda kwa mlimi uja Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike. Udzu unali utayera ndi chisanu, ukuphwanyika pansi pa nsapato, ndipo zala zanga zinachita dzanzi. Mfuti sankandilola ngakhale kuikhudza. Ntchito yanga inali kunyamula thumba ndi kutseka pakamwa, ndipo yachiwiriyi ndi imene inkandivuta.

Tinabisala kuseri kwa mulu wa udzu wouma mpaka miyendo kuuma. Kenako inatulukira, chimbalame chakuda chonenepa, chikuyenda mwamatama ngati mwini munda. Amalume anakweza mfuti pang'onopang'ono. Chifuwa chake chinkaoneka bwinobwino, koma mutu unali pansi, ukutolatola m'ziyangoyango.

"Uncle, shoot," ndinanong'ona.

"Mutu sindikuuona," anayankha osanditembenukira.

Anadikira. Mbalame ija inayenda chotola, n'kudutsa pansi pa waya wa malire, kulowa m'munda wa munthu wina. Itafika kumeneko, ngati yochita dala, inaima poyera n'kutukula khosi lonse. Inali pafupi moti ngakhale ine ndikanailasa ndi mwala.

Amalume anatsitsa mfuti.

"Nobody's looking," ndinatero, misozi ili m'maso.

"Tamanda, permission yanga yathera pa waya apa. Chipolopolo chikangodutsa fence, ndalakwira lamulo. Kaya pali munthu, kaya palibe."

Ndinawafunsa mokwiya chifukwa chimene sanawombere poyamba paja, idakali mbali yathu. Anatulutsa kachipolopolo kamodzi m'thumba n'kundiika m'dzanja.

"Taona kuchepa kwake. Pa nkhunda n'kokwana. Koma iyi, ukapanda kulasa mutu, wangoivulaza. Ithawa ndi bala, ikavutike m'minga mpaka nkhandwe iipeze. Ine ndimapha chakudya, sindizunza."

Tinakhalabe mpaka dzuwa kupendeka, koma sinabwerere. Tinabwerera kunyumba chimanjamanja. Ndinkachita manyazi m'malo mwawo, ndipo ndinkadziwa chimene chinkatidikira.

Sindinaphonye. Tsiku la Khirisimasi, m'holo imene tinkachitiramo mapwando ku Oldbury, tawuni yapafupi nafe, amalume analowa ndi mbale ya nkhunda zootcha. Bambo wina wa ku Zambia, wodziwika ndi nthabwala, anavundukula mbale ija n'kuyang'anitsitsa.

"A Faisoni, turkey yanu ija yashrinka mu oven?"

Holo yonse inafa ndi chiseko. Wina anati mlenje waphonya mbalame yaikulu ngati mbuzi, ndipo pomwepo dzina linabadwa: a Mphonya. Ine ndinaimirira kuti ndifotokoze, koma amalume anandigwira phewa n'kundikhazika pansi. Anaseka nawo limodzi, n'kuyamba kugawa nkhunda zawo. Zinatha zonse, ndipo amene anaseka kwambiri ndi amene anatenga ziwiri.

Dzina lija silinachoke. Lero tsitsi lawo layera, mfuti anaisiya kalekale, koma ngakhale ana obadwa dzana amawatchula Uncle Mphonya, iwo n'kumavomera mosangalala. Sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mlenje ndi amene wabwera ndi nyama. Tsopano ndakula, ndaona anthu ambiri akuchita zoipa zing'onozing'ono pofuna kungopewa kusekedwa, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo. Ndiye ndikakumbukira chala chawo chikuchoka pa mfuti m'mawa wozizira uja, ndimawanyadira kwambiri. Ankadziwa bwino kuti ulemu wawo uli pa khosi la mbalame ija, komabe anasankha kusekedwa kusiyana n'kudumpha malire kapena kusiya chamoyo chikuvutika.

Anthu onse amene amawatchula dzina limeneli kunalibe kumunda kuja. Ine ndinaliko, ndipo ndikulemba kuti zidziwike: amalume anga sanaphonye. Sanawombere.