Njira ya Kumjigo Imadutsa Pakhomo Panga

Chaka chimene mphepo inasasula denga lathu la udzu kawiri, ndinauza mkazi wanga Naphiri kuti basi, ndikupita ku Joni. Sanatsutse. Anangondikazingira mtedza n'kundiperekeza pasiteji ku Ntcheu, mwana wathu Tadala ali kumsana.

Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndikusamalira maluwa kwa mzungu wina. Ndinkagona ku Bertrams, dera lina la mumzindamo, m'kachipinda ka anthu anayi, ndipo kuti ufike pabedi unkatsegula zitseko zitatu zachitsulo. Ndinaphunzira kuyenda ngati ndikuthamangitsidwa, foni m'sokosi, maso pansi. Munthu akakupatsa moni pamsewu, mtima unkagunda kuti ameneyu akufunanji. Bwana ankanditcha Sam, a matakisi ankangoti Malawi. Dzina langa la Mbewe ndinkalimva Lamlungu lokha, Naphiri akaimba foni. Kusungulumwa kunandidya, sindibisa. Ndalama ndinkatumiza, nyumba ya malata inamangidwa, koma ine ndinkaionera pazithunzi.

Nditabwerera, choyamba kundinyansa chinali njira. Njira ya kumjigo imadutsa pakhomo pathu penipeni, pakati pa nyumba ndi khitchini. Kungocha, amayi ndi zidebe, ana asukulu, a njinga, aliyense ndi mawu ake omwewo: "Tidutse nawo." Naphiri n'kumayankha, "Dutsani." Ine m'nyumba makutu ali tcheru, maganizo ali pa wailesi yakanema imene ndinabwera nayo.

Ndinagula njerwa kuti ndimange mpanda ngati wa bwana wanga uja. Naphiri ataona njerwazo anati:

"Bambo a Tadala, mwanayu atakomoka ndi malungo inu muli ku Joni, anamuthamangitsira kuchipatala panjinga ndi a Chisale. Anandimva ndikulira akudutsa panjira yomweyi."

"Zimenezo n'zakale," ndinatero. "Inu dziko simukulidziwa."

Ndinakumba maziko, ngalande yodula njirayo pakati. Palibe anadandaula. Anthu anangoyamba kuzungulira kuseri kwa munda wathu wa chimanga.

Masiku atatu pakhomo panali zii. Ndinkakhala pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndikuona zidebe zikuyenda patali pamwamba pa ngayaye. Palibe wofunsa mmene tadzukira, palibe wosiya nkhwani pakhonde monga ankachitira. Tadala anafunsa chifukwa chake anzake sakumuitananso popita kusukulu. M'pamene ndinalizindikira batalo. Linali la ku Bertrams. Ndinakwera nalo basi masiku awiri n'kudzalitsitsa ndekha pakhomo panga.

"Mwabwera nayo Joni yanu," anatero Naphiri akusesa, osandiyang'ana n'komwe.

Ndinachita manyazi kwambiri. Masana omwewo ndinatenga khasu n'kukwirira ngalandeyo, dothi ndikuliponda ndi mapazi anga. Koma kodi anthu abwereranso? M'mawa mwake ndinakhala pakhonde mtima uli m'mwamba. Amayi awiri anazungulirabe kuchimanga. Kenako anatulukira a Chisale, mnansi wathu uja, imvi mbuu tsopano, akukankha njinga yawo yakale. Anaima pamene panali ngalande n'kuyang'ana dothi latsopanolo.

"Tidutse nawo, a Mbewe."

"Dutsani, bambo."

Sanafulumire. Anafunsa mmene ndadzukira, mmene adzukira mayi a Tadala, mmene wadzukira Tadala. Ndiye anati, "Nanga chifuwa chija chikutani? Dzana ndinakumvani mukutsokomola ndili kuseri kwa chimangako."

Zaka zonse zija mumzinda wa anthu osawerengeka, ndinadwalapo mpaka kulephera kudzuka, koma palibe anandimvapo ndikutsokomola. Kuno munthu amene ndinamutsekera njira anandimva ali kutsidya kwa munda, n'kusunga funsolo masiku awiri. Mpaka lero zimandizizwitsa kuti chinthu chotere ndinakula nacho osachiona.

Njerwa zija ndinamangira kabenchi m'mbali mwa njira, pamene amayi amatulira zidebe akatopa. Masiku ano ndimadzuka msanga kuposa mmene ndinkadzukira ku Joni, kuopa kuti anthu angadutse ndisanakhale pakhonde.