Anandilanga m'munda wa tiyi

Chaka chimene ndinatenga pakati poyamba ndinkathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndinali m'gulu la olembedwa nyengo ya mvula yokha, anthu oti ukajomba popanda chilolezo amakufufuta n'kutenga wina mwa odikira pageti.

Kwathu kwa Khwethemule mimba yoyamba mwiniwake saitchula. Ngakhale ionekere kwa aliyense, umakhala duu mpaka amayi aakulu akuitanire m'nyumba, akuuze okha kuti uli ndi pakati, akulange. Ukafulumira pakamwa, amati mwanayo sakhala. Azakhali anga anatumiza mawu akuti mwambo udzachitika akakolola. Iwo analibe changu. Dengu silinali pamsana pawo.

Tsiku lina m'mawa ndinaona magazi pang'ono. Nesi wa pakiliniki ya esiteti anandiyeza, nati, "Mwana iwe, dengu ulisiye. Ukapitiriza kukwera zitunda zija, uitaya." Anandilembera kapepala koti ndipume, koma kuofesi sapitako munthu wosaperekezedwa ndi kapitawo wake.

Kapitawo wathu anali bambo wamfupi wa jombo zazikulu. Ankaima pa chulu ndi ambulera ife tikunyowa, n'kumakuwa ngati tiyi yense wa m'boma muno anabzala ndi agogo ake. Anali Mlomwe ngati ine, wa kwa Nchilamwela. Mwambo ankaudziwa bwino lomwe.

Ndinamupatsa kapepalako poyezera masamba, gulu lonse lili pamzere. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Zolemba za madokotala ine sindiziwerenga. Nena ndi pakamwa. Chakuvuta n'chiyani?"

"Ndikudwala, abwana."

"Tonsefe tikudwala. Ine msana, uyu chifuwa. Iwe chiyani?"

Woyendetsa thirakitala anakuwa ali pampando pake kuti, "Wameza dzungu ameneyo, akapitawo!" Amuna anaseka. Ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwanga. Chibadwire ndine wamanyazi. Kusukulu ndinalekeza ndisanakwezepo mkono m'kalasi. Koma tsiku limenelo si manyazi okha amene ananditseka pakamwa. Ndikanena, ndinkaopa kutaya mwana. Ndikapanda kunena, dengu likanamutaya. Ndikangokhala pakhomo, ntchito yatha, ndipo kabaza wa mwamuna wanga ku Goliati sakanatidyetsa.

"Ukakumbukira dzina la matenda ako ubwere," anatero kapitawo. Pondibwezera kapepalako anatsitsa mawu. "Kapena ukandiuzire kunyumba. Akazi anga apita kumaliro."

Munthu wa imvi kumutu ameneyo, woimba kwaya Lamulungu.

Ndinabwerera m'munda. M'mawa mwake m'mimba munayamba kupotokola, ndipo ndinanjuta pakati pa mitengo ya tiyi kuti kapitawo asandione. Anandipeza mayi wina wachikulire wa mzere woyandikana ndi wanga, amene ankakonda fodya wa m'mphuno ndipo sankaopa munthu.

"Walangidwa?" anandifunsa.

Ndinapukusa mutu.

"Akwanu akudikira chiyani?"

"Akolole kaye."

"Adzakolola maliro amenewo. Dzuka."

Nthawi ya phala anaitana amayi ena achikulire. Ananditsitsira kukhwawa, kuseri kwa mabulugamu, nayala chitenje pansi, nandikhazika. Kunalibe nkhuku, kunalibe ufa, kunalibe mbale wanga ngakhale mmodzi. Kapu ya phala la kampani ndiyo inali pakati pathu. Anayankhula m'Chilomwe, motsitsa mawu, manja awo akuda ndi utomoni wa masamba ali pamimba panga. Zimene anandiuza sindilemba, si zolemba. Pomaliza mayi wa fodya uja anati, "Takuuza ndife. Uli ndi pakati. Tsopano pakamwa pako patseguka. Tiye."

Anandiperekeza onse mpaka pa chulu paja. Ndinatsegula pakamwa.

"Abwana, ndili ndi pakati. Ndikutaya magazi."

"Mwamva kapena abwereze?" anafunsa mayi wa fodya. "Kapena mufuna akuonetseni? Paja inu kuwerenga kumakuvutani."

Kapitawo anatsokomola, nasuntha ambulera kudzanja lina. "Aaa, amayi, nkhani yake ndi imeneyi? Bwanji mwanayu osanena?" Anatenga kapepala kaja. Maso ake anali atachira mwadzidzidzi, anakawerenga konse mpaka pansi.

Kuofesi tinapeza dona wina wochokera ku Lilongwe, wa zikhadabo zopaka zofiira, fani ikumukupiza. Kukhoma kunali chithunzi cha mayi woyembekezera akumwetulira m'munda wa tiyi, dengu lake lopanda kanthu, zovala zopanda dontho la matope. Kapitawo anavula chipewa n'kusanduka kamwana. Dona uja anasaina osandiyang'ana.

"Amayi akumudzi inu mumabisiranji zinthu? Uwu ndi ufulu wanu. Tinakuphunzitsani pamsonkhano."

Kumsonkhano umenewo ndinaliko. Anayankhula Chingerezi, alendo anajambula zithunzi, ife anatigawira mabisiketi. Ndinangoti, "Zikomo, madamu."

Ndinakagona kwa amayi anga mpaka magazi analeka. Azakhali atamva kuti ndalangidwa kale anakwiya kwambiri. Ankati mwana wa mtundu wawo salangidwa kukhwawa ndi anthu aganyu. Anabwerabe atakolola, nadya nkhuku yawo, nandiuza zomwe ndinkadziwa kale.

Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi, wa mawu aakulu kuposa amayi ake. Dzina langa silinafufutidwe, ndipo mvula yotsatira ndinabwerera kumunda. Tsiku loyamba ndinadutsa naye kumbuyo popita kukamusiya kosungira ana. Kapitawo anatsika pa chulu pake, namugwira tsaya.

"Mwana wa kampani uyu! Ndikanapanda kuthamanga nawe kuofesi ine, bwenzi pano tikunena zina."

Amuna omwe aja anavomereza ndi mitu. Ine ndinawerama, ndinati, "Zikomo, abwana." Nditapotoloka pakona ndinanyowetsa nsonga ya chitenje ndi malovu, n'kupukuta tsaya la mwana wanga mpaka analira.