Dokotala wa gauni lobwereka

Inde, ndinanama, ndipo musandiyang'ane choncho.

Chaka chimene ndinkadikira kulowa ku yunivesite, azakhali anandipezera malo ophunzirira ntchito pa kachipatala kena ku Al Sadd, mu Doha. Ntchito yake inali kunyamula mafailo ndi kuima pakona osakhudza kanthu. Tsiku lina ndinabwereka gauni loyera ndi kachipangizo komvera mtima, n'kudzijambulitsa. Chithunzicho ndinatumizira amayi ku Lilongwe osalembapo kalikonse. Sabata isanathe, mpingo wonse unali utadziwa kuti mwana wa NaPhiri ndi dokotala ku Qatar.

Kenako kunatulukira bambo Kamwendo, mlonda wa ku Al Dafna, mu Doha momwemo, mlamu wa mayi wina wa kwaya ya amayi. Munthu wa msinkhu wa bambo anga, anandivulira chipewa ine.

"Adokotala, mutuwu wandisautsa masabata atatu. Kuchipatala ndimaopa, angandibweze kumudzi. Koma poti muli inu, mwana wakwathu."

Ndinangoti, "Khalani apa, bambo." Ndinawayeza BP, chokhacho chimene ndinkadziwa, ndipo inali itakwera moopsa. Ndinathamanga kukaitana dokotala weniweni, n'kuwauza bambowo m'Chichewa kuti, "Awa ndi anzanga, timathandizana." Anzanga! Munthu woti ngakhale dzina langa sankalidziwa.

Mpaka lero bambo Kamwendo amauza anthu kuti anawachiritsa ndine, ndipo ndikamva ndimafuna kulowa pansi. Koma bambowo anathawa madokotala enieni masabata atatu. Chimene chinawalowetsa pakhomo la chipatala ndi gauni langa lobwerekalo. Ndiye ndikapepese kwa ndani?