Mazinga a Tabo ndi Mbuya wa Yoramu

Mlendo akafika pa mishoni yathu kufupi ndi Bundabunda n'kumva Yoramu Jere ndi Bornwell Chileshe akupatsana moni, ankathamanga kuti akaleretse ndewu.

"Wauka, kapolo wanga?" Yoramu ankakuwa ali pansi pa thirakitala. "Anyani atsalako kwanu, kapena munadya onse?"

"Nauka, iwe wakudya mbewa," Bornwell ankayankha. "Tuluka nikuone ngati ukali na mchira."

Ife sitinkatembenuka n'komwe. Yoramu anali Mngoni wa ku Chipata, makanika wa mishoni. Bornwell anali Mbemba wa ku Kasama, dalaivala. Angoni ndi Abemba ndi pachimbuya: mbuya wako angakutukwane, angakugwirire nkhuku iwe ukuona, mlandu palibe. Koma tsiku la maliro ako ndiye amakumba manda, kunyamula bokosi ndi kuseketsa ofedwa kuti misozi isawatsamwitse.

Yoramu anabwera kuno ndi mkazi wake Tisauke kudzafuna malo olima, ntchito ya injini ataiphunzira pa mafamu a ku Chisamba. Anali wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lake, ndipo ngakhale Lamulungu ankanunkha dizilo. Phuma ankadana nalo koopsa. Ukamufulumizitsa ankaika sipanala pansi n'kuyamba kukufunsa za umoyo wa azakhali ako. Ine zinkandipsetsa mtima, sindibisa, koma chimene wakonza Yoramu sichinkabwereranso.

Anthu a kwawo kum'mawa analipo ambiri, Asoli eni nthaka analiponso, koma Mbemba m'dera lonselo anali Bornwell yekha. N'chifukwa chake Yoramu ankamusunga ngati dzira. Ankauza Tisauke kuti maliro opanda mbuya ndi ozizira, ndipo iye sankafuna kudzaikidwa ngati munthu wopanda kwawo.

M'zaka zimenezo za chipani chimodzi zinthu zinkasowa. Sopo timamuimira pamzere, nanji zipangizo za galimoto. Ndiye mu 1986 abwenzi a kunja anatumizira mishoni vaneti yatsopano, kagalimoto ka dizilo. Vanetiyo inali ndi tabo, kachipangizo kooneka ngati nkhono kamene kamakankhira mpweya mu injini, ndipo ikamakwera chitunda inkaimba kaluzu. Ndiyo inkanyamula odwala kupita nawo ku Lusaka. Bambo Oswald, wansembe wathu, anapereka makiyi kwa Bornwell ndi mawu ochepa: akaiwononga mwa kusasamala, abwerera ku Kasama.

Patapita miyezi, utsi unayamba kutulukira pamene paipi ya utsi imalumikizana ndi tabo. Bambo Oswald anali ku msonkhano wa ansembe ku Lusaka. Yoramu anayang'ana, n'kupeza bawuti imodzi itakhwefuka, koma anali paulendo wokakonza chigayo ku Chongwe ndipo injini inali idakatentha.

"Usaigwire," anauza Bornwell. "Chitsulo ichi sichifuna mphamvu. Ukamanga na manja yako ya Chibemba, mazinga yazatha. Niyembekeze."

Cholakwa chinali mawu akuti manja a Chibemba. Zaka zonsezo Bornwell anali asanamvepo chilichonse choona kuchokera pakamwa pa Yoramu, ndiye akanadziwa bwanji kuti lero munthuyo akunena zenizeni? Anaseka, n'kuganiza kuti amusonyeze Mngoni mmene amuna amamangira bawuti. Anatenga sipanala, n'kuilowetsa m'paipi yaitali kuti mphamvu ichuluke, n'kukoka. Bawuti inalimba, inalimbanso, kenako mwadzidzidzi inayamba kuzungulira mofewa ngati chala m'phala. Mazinga a m'dzenje la tabo anali atametedwa onse.

Yoramu atabwera masana anamupeza atakhala pa tayala, mutu uli m'manja.

"Ba Yoramu," Bornwell anatero, "naononga."

Tisauke, amene anabwera ndi chakudya, akuti mwamuna wake anachita mantha ndi ulemuwo kuposa ndi galimoto. Chiyambire, Bornwell anali asanamutchulepo kuti Ba Yoramu. Tabo ina kunalibe koigula, ngakhale ku Lusaka. Ndipo Bornwell akapita, mbuya wina akanachokera kuti?

"Leka kunipasa ulemu, uzanidwalisa," Yoramu anatero. "Bweretsa bokosi langa."

M'mawa mwake anamasula tabo yonse n'kuimanga pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Anatseka makomo ake ndi nsanza zoyera, chifukwa kachitsulo kakang'ono ngati mchenga kakalowa mkatimo kamadya mapiko a tabo. Nzeru yake inali yokulitsa dzenjelo pang'ono, kudulamo mazinga atsopano, n'kupeza bawuti yokulirapo. Kunena n'kosavuta. M'mbali mwa dzenjelo chitsulo chinali chochepa, ndipo chiboolero chikanapendama pang'ono pokha khoma likanang'ambika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Magetsi kunalibe, choncho anaboola ndi chiboolero chopukusa pamanja. Anaimika Bornwell kutsogolo, Tisauke kumbali, kuti aziona ngati chaima chilili.

"Chapendama!" Bornwell anakuwa.

Yoramu anaima. "Ukamba zoona olo ni chimbuya?"

"Zoona!"

"Lumbira."

"Pali amayi anga ku Kasama!"

Kuyambira pamenepo mawu alionse ankayenera kulumbirirwa, mpaka amayi a Bornwell anatchulidwa kambirimbiri tsiku limenelo kuposa chaka chonse. Tisauke anaseka mpaka kukhala pansi, mwamuna wake n'kumukalipira kuti aimirire, ntchito isanathe.

Kenako anatulutsa tapu, kachitsulo kolimba kodulira mazinga, kamene ankakasunga m'nsalu ya mafuta kuyambira ku Chisamba. Anakapaka girisi kuti zinyenyeswa zizikakamira. Ankapotoza pang'ono, kubweza, kupotozanso, kutulutsa, kupukuta, kuyambiranso. Bornwell thukuta linali kamukamu ngakhale sankagwira kanthu. Bawuti yokulirapo ija anaichotsa pa thirakitala yakufa imene nkhuku zinkaikiramo mazira, n'kuidula kuti ifanane ndi zinzake kutalika. Atabwezera tabo pa injini, bawuti italowa n'kugwira, Yoramu anaimanga ndi dzanja limodzi, kasipanala kakafupi, n'kusiya.

"Yakwana?" Bornwell anafunsa.

"Ukaikhudza nizakudula manja. Ichi nalumbira."

Vaneti inalira bwinobwino, utsi osatulukanso, ndipo pa chitunda kaluzu kanabwerera. Koma Bambo Oswald anali munthu wotsegula boneti Loweruka lililonse, ndipo atabwera anaona mutu wa bawuti imodzi ukusiyana ndi ina. Anaitana onse awiri. Bornwell anavula chipewa kuti ayankhule. Yoramu sanamudikire.

"Fada, sininganame. Kapolo wanga uyu anaononga, ine nakonza, ndipo pamene nakonza palimba kupambana poyamba. Mukafuna kumupitikisa, mupitikiseni. Koma muyambe mwanipezera Mbemba wina, chifukwa ine nikafa nifuna munthu wonitukwana pamanda. Imwe simungakwanise, ndimwe ansembe."

Bambo Oswald anayesa kuumitsa nkhope, koma analephera. Anaseka mpaka kutsamira galimoto, n'kuuza Bornwell kuti kuyambira tsikulo ntchito yake ndi chiwongolero basi, sipanala ayisiyire Mngoni. Makiyi anakhalabe m'thumba mwake.

Yoramu anatisiya patapita zaka zingapo, chifuwa chitamuvuta nyengo yozizira. Bornwell anafika pamaliro kusanatenthe, atadzola ufa kumaso mwa mwambo wa chimbuya, atavala ovolosi ya malemuyo imene inkamulekeza m'mawondo. Anakumba manda, anagwira mbuzi ya Tisauke popanda kupempha n'kuiphera anthu, ndipo anauza aliyense kuti Mngoniyo wathawa chifukwa mbewa zatha m'minda. Tinaseka misozi ili m'masaya, ngakhale Tisauke amene.

Bokosi litatsikira m'manda, Bornwell anaima m'mphepete kuti amutukwane komaliza, monga mwambo ufunira. Tonse tinadikira.

"Iwe wakudya mbewa," anayamba. Anapukuta ufa umene unali utanyowa kumaso kwake. "Manje ine nikafa, azanitukwana ndani?"