Pulogalamu Yodzuka ndi Dzina la Mwini Makina

Chaka chimene mchimwene wanga anapita ku Joni n'kusiya kulemba makalata, mkazi wake anabwera kudzakhala nafe ku Zengeza 2, m'tauni ya Chitungwiza, kufupi ndi Harare. Anali ndi pakati. Nyumba inali yaing'ono, bambo anali atasiya ntchito chifukwa cha chifuwa, ndipo wogwira ntchito pakhomo ndinali ine ndekha.

Ndinkagwira pa kampani ina yogulitsa zipangizo za magalimoto, cha kumafakitale a ku Chitungwiza. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kompyuta ikadali chinthu choti anthu azibwera kudzaona. Yathu inali yaikulu ngati firiji, yokhala m'kachipinda kakekake, ndipo mawaya ake ankapita ku masikirini a m'maofesi. Malo a wolemba maoda atapezeka, ndinachonderera abwana mpaka anamulemba mlamu wanga moyeserera.

Anaikapo makinawo anali mzungu wina amene ndinkamuthandiza. Pa kompyuta yotere munthu aliyense amalowa ndi dzina lake, koma pali dzina limodzi lalikulu, lotchedwa ruti, limene limatsegula ndi kutseka chilichonse. Magetsi akazima, mzunguyo ankadzutsa pulogalamu ya maoda pamanja, pa dzina wamba la alembi. Atatsala pang'ono kusamukira kumwera, analemba timizere ta malamulo toti makina akayaka, pulogalamuyo izidzuka yokha pa sikirini ya wolemba maoda. Anandiuza pasiwedi ya ruti, n'kundigwira chanza, n'kumapita. Timizereto sanatiyese.

Mvula itayamba, magetsi anayamba kuzimazima. Pulogalamu inkadzuka ndithu, mlamu n'kumalemba maoda monga mwa masiku onse. Koma anthu a kosungira katundu akati awatsegule, makina ankakana. Malole ankaima pabwalo, madalaivala akuliza mahutala.

Abwana anamuitana mlamu, ine ndili pomwepo.

“Mai, munakhudza chiyani?”

“Sindinakhudze kanthu, bwana. Ndimalemba momwe anandiphunzitsira.”

“Musanabwere inu zimenezi kunalibe.”

Ndinafufuza tsiku lonse ndipo ndinapeza povuta. Timizere tija tinkayenda ndi mphamvu za ruti, choncho pulogalamu nayo inkadzuka ngati ruti. Chilichonse chimene mlamu ankalemba chinkasungidwa ngati cha mwini makina, ndipo dzina wamba silinkaloledwa kuchiona. Ndinayesa kuwafotokozera abwana, koma anandidula.

“Ndi mlamu wanu, ndiye mudzanena chiyani? Pofika Lachisanu zikhale zitatha. Apo ayi ndiikapo wina.”

Ndinkatha kumasula mafayilowo pamanja, limodzilimodzi, ndipo ndinkatero. Koma ndinalinso ndi ntchito zina, ndipo ndikangotuluka magetsi ankaphethira, zonse n'kuyambiranso. Chofunika chinali choti ruti adzutse pulogalamuyo koma aipereke kwa dzina wamba. Mmene amachitira zimenezo sindinkadziwa. Mzungu uja anandiphunzitsa kusintha matepi ndi kukonza pulinta, basi.

Ndinaimba foni kwa ogulitsa makinawo ku Harare. Mtsikana woyankha anati katswiri wawo ali ku Bulawayo. Ndinaimbanso masana, n'kuimbanso mawa lake, mpaka anayamba kundizindikira mawu.

“Sisi, ndakuudzai kuti haapo,” anatero m'Chishona, kutanthauza kuti anandiuza kale kuti kulibe. “Mirirai.”

Kudikira n'kumene sindikanatha. Lachitatu, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinakumbukira kalamulo ka zilembo ziwiri kamene mzunguyo ankalemba akafuna kusintha dzina osatuluka m'makina. Ndinakalowetsa m'timizere tija mosamala kwambiri, chifukwa pa dzina la ruti makina safunsa kawiri, ukalakwitsa chilembo ukhoza kufafaniza ntchito ya kampani yonse. Madzulo magetsi anazima n'kuyakanso. Pulogalamu inadzuka pa dzina wamba, mtima wanga n'kukhala m'malo. Kenako ndinazindikira kuti yadzukira pa sikirini yanga, m'kachipinda ka makina. Ya mlamu inali bii.

Nditathamangira kumeneko ndinapeza abwana ataima kumbuyo kwake. Mlamu anali atayika manja pamiyendo, akuyang'ana galasi lopanda kanthu. Abwana anatembenuka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yawo, n'kutuluka.

Tsiku limenelo tinayenda wapansi kubwerera kunyumba, mvula ikuwaza. Titafika pafupi ndi mashopu a ku Zengeza 2, mlamu anaima kuti apume.

“Alamu, musadzivute,” anatero. “Ndibwerera kufamu kwa makolo anga.”

“Kufamu mukachirira kuti? Chipatala chili kutali.”

“Nanga nditani? Inunso akuchotsani chifukwa cha ine. Ndiye bambo mankhwala awapeza kuti?”

Tinapitiriza ulendo. Kunyumba amayi anaona nkhope zathu ndipo sanafunse. Bambo anafunsa ali pamphasa, ndipo nditafotokoza anati, “Zoterezi mupite nazo kwa abusa.” Sankadziwa kuti kompyuta n'chiyani, ndipo sindinawatsutse.

Lachinayi ndinabweza timizere momwe tinalili, n'kukhala tsiku lonse ndikuthamanga pakati pa kachipinda kanga ndi kosungira katundu, kumasula mafayilo. Sindinadye. Mnyamata wina wa kosungirako, Mshona, anandinong'oneza kuti abwana alankhula kale ndi mwana wa mlongo wawo za malo a mlamu. Ndinalowa m'chimbudzi n'kulira, kenako ndinasamba kumaso n'kukaimbanso foni ku Harare. Ndinamuuza mtsikana uja zonse, za mimba, za mchimwene wanga, zinthu zosayenera kuuza munthu wosamudziwa. Anati ayesa kumupeza katswiri uja.

Lachisanu m'mawa katswiri uja anaimba ali ku Bulawayo. Foni inkalira phokoso ngati mvula padenga la malata.

“Dzina mwasintha bwino,” anatero nditamufotokozera zimene ndinayesa. “Koma simunaiuze koonekera. Sikirini iliyonse ili ndi dzina lake m'makinamo. Iuzeni kuti izimvera kiyibodi ya kumeneko, izionekeranso komweko.”

Ananditchulira chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba padzanja chifukwa pepala linali kutali. Foni inaduka asanamalize, koma chotsalacho ndinachilingalira.

Kuti ndiyese ndinafunika kuzimitsa makina onse. Ndinakagogoda kwa abwana.

“Bwana, ndikupempha mundilole ndizimitse kompyuta pa nkhomaliro.”

“Ikapanda kuyaka?”

“Mundichotse ine.”

Anagwedeza mutu kuvomera.

Makinawo ankachedwa kuyaka. Ndinaima pakhomo pa kachipinda kanga, pamene ndinkatha kuona msana wa mlamu. Mafani oziziritsa makina analira, timagetsi tinaphethira, kenako ndinaona mapewa ake akugwedezeka ndipo ndinamva kiyibodi ikulira. Analemba oda imodzi. Kosungira katundu pulinta inayamba kulira, pepala n'kutuluka.

Ndinakawauza abwana. Anabwera, anaona, anati ndagwira ntchito. Kenako anatiuza kuti mwana wa mlongo wawo ayamba Lolemba pa malo a mlamu, poti anali atamulonjeza kale ndipo sakanabweza mawu. Za mlamu, anati amupezera malo kolongedza katundu.

Kolongedzako kunalibe mpando. Mlamu anagwira ntchito choimirira, miyendo itatupa, mpaka sabata imene anachira. Pulogalamu ija sinavutenso, ndipo mtsikana watsopanoyo sanadziwe n'komwe kuti panali vuto. Anali munthu wabwino, ankandipatsa moni mwaulemu, koma zinanditengera nthawi kuti ndizimuyankha bwino.

Madzulo a Lachisanu limenelo ndinkaopa kumuyang'ana mlamu. Tili pa msewu wa Seke, iye ndi amene anayamba kulankhula.

“Alamu, amayi musawauze zoti ndizikaimirira. Muwauze kuti ntchito ilipo.”

Nditafika kunyumba ndinawauza zomwezo.